Msana wa Apongozi

Kwathu ku Dedza mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Akawaona akubwera m'njira amapatuka, ngakhale patchirepo pakhale chitedze. Ine ndinakulira m'mwambo umenewo, ndipo pobwera kuno ku Canada ndinaunyamula wonse osasiyako kachidutswa. Zina ndinazitaya msanga. Ndinasiya kuvulira mabwana chipewa, ndinazolowera kuti mwana wa mzungu anditchule dzina ngati tinkadyetsa mbuzi limodzi. Koma za apongozi zokha sindinasinthe.

Apongozi anga aakazi anabwera kuno mwana wathu wachiwiri atangobadwa, kudzathandiza mayi a kunyumba kulera. Anadzera miyezi yochepa, koma anakhalitsa mpaka anyamata onse awiri anamera ndevu n'kupita kukaphunzira kutali. Tinkakhala pansanjika ya m'mwamba kwambiri ku Scarborough, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi kanjira kopapatiza moti anthu awiri sangapatukirane. Tangoganizani mkamwini ndi apongozi m'kanyumba kotero. Ndikafuna kupita kubafa ndinkayamba ndatsokomola. Iwo akamva chifuwacho ankalowa kukhitchini n'kuyang'ana kukhoma ngati pali kanthu kolembedwa. Tsiku lina tinapezana m'chikepe awiriwiri, zitseko n'kutsekeka. Tinakwera nsanjika zonsezo aliyense atayang'ana pakona pake, ndipo mzungu amene analowa panjira anaganiza kuti tayambana.

Sitinayambanepo. Mayi amenewo ndinkawakonda, ndipo ndikudziwa kuti nawonso ankandikonda. Ine ndimayendetsa folokolifiti, kagalimoto kokwezera makatoni, kunyumba yosungira katundu ku Etobicoke. Kuchokera kwathu ndi ulendo: basi, kenako sitima ya pansi kuyambira kumapeto kukafika kumapeto, kenako basi ina. Nyengo ya sinowo ndinkafika zala zitauma, n'kupeza masokosi anga ali pahita, tiyi ali m'fulasiki. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Uwauze apongozi kuti jekete lawo lang'ambika m'khwapa. Alisiye pampando ndilisoke."

Ine n'kuyankha kwa mkazi wanga yemweyo kuti, "Muwauze amayi kuti ndathokoza."

Mayi a kunyumba ankatopa nazo. "Kodi ine ndasanduka foni yanu?" Koma uthengawo ankaupereka ndithu.

Sitiroko inawagwira apongozi m'mawa wina akupukuta mbale. Anatuluka m'chipatala mbali yonse ya kumanzere itafa, mkono ndi mwendo womwe, koma mutu uli bwinobwino, pakamwa pakuthwa ngati kale. Tinayesa kuwasunga pakhomo, zinatikanika. Tonse awiri timagwira ntchito, ndipo tsiku lina mayi a kunyumba anawapeza atagwera pakati pa bedi ndi khoma, atakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Ndiye tinawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba, kumene kuno timangoti kuhomu. Ndisaname, ndinachita manyazi. Kwathu munthu wopereka kholo lake kwa alendo amalozedwa chala. Koma nditaona pansi pakunyezimira, makatani amaluwa, mabedi okwera ndi kutsika pongodina batani, mtima unakhala pansi. Ndinati pamalo ngati pano munthu sangavutike.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti wowasamala weniweni anali mwana wawo. Mayi a kunyumba akaweruka ankadzera kuhomu tsiku lililonse. Ankatseka katani, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadzoza vaselini msana wonse mpaka kuzidendene. Kwathu wodwala aliyense m'chipatala amakhala ndi gadiyani wake wogona pansi pambali pa bedi, ndipo mkazi wanga ankangochita zimene anaona amayi ake akuchitira ena, osaziwerengera ngati ntchito. Ine ndinkapita Lamlungu. Ndinkakhala pampando kunja kwa katani, nkhope kuzenera, n'kumapereka moni kudzera mwa mkazi wanga monga mwa kale.

Kenako kunabwera uthenga wa maliro. Mlamu wanga, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi, anamwalira kumudzi atangodwala pang'ono. Mayi a kunyumba ndi amene anakawauza. Ine ndinaima panja, ndipo kulira kumene ndinamva sindidzakuiwala. Sanathe kupita kukaika mwana wawo, munthu woti sangakhale tsonga yekha. Mkazi wanga ananyamuka mawa lake, ndipo pabwalo la ndege anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Muziwaona amayi."

Kwathu mayi wofedwa amagona pamphasa. Samudzutsa, samukakamiza kusamba kapena kudzola, amamusiya alire mpaka tsiku lometa. Ndinkadziwa kuti kuhomu kuli chizolowezi chokankhira okalamba onse kuchipinda chodyera, kenako kukawaimbitsa nyimbo n'kumaomba m'manja, ndipo zinandiwawa kuganiza kuti apongozi akakhale pamenepo mwana wawo akutsitsidwa m'manda. Ndiye ndinapita kwa nesi wamkulu wa pansanjikapo. Ndinamufotokozera kuti mayiwa ataya mwana, ndipo kwathu munthu wotere amagona, asawavutitse. Ndinkanena za masiku a maliro okha. Nesiyo anagwedeza mutu mwachifundo, nati iwo amalemekeza chikhalidwe cha aliyense. Ndinatuluka ndikumuyamikira. Sindinadziwe kuti antchito a kuhomuko, amene anali ochepa ndi otopa, ndawapatsa chifukwa chabwino chodutsira chitseko chimenecho osalowa.

Mayi a kunyumba anachedwa kubwerera. Malemu anasiya ana aang'ono, ndipo abale sankagwirizana za wowatenga. Masiku a maliro anatha, milungu inadutsa, apongozi ali gone chagada pabedi lomwe lija.

Ndinkapita tsiku lililonse ndikaweruka. Popeza wotitumizira mawu panalibe, ndinkalankhula ndi zenera.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

"Taswera bwino, kaya apongozi."

"Akukusamalani?"

"Akutisamala."

Pamenepo nkhani yatha. Ndinkakhala pang'ono, n'kuwauza kuti kunja kwazizira, anyamata aimba foni, kumudzi mvula yayamba. Mawu awo ankamveka otsika kuposa dzulo lake, ine n'kumati ndi chisoni. Mbale ya chakudya ndinkaiona pakatebulo isanakhudzidwe, n'kumati ndi chisoni chomwecho. Mbaleyo ankaiika kumanzere, kudzanja lakufa, ndipo chingwe cha belu chinali chitagwera kuseri kwa bedi. Zonsezi ndikanaziona tsiku loyamba ndikanakhala munthu woyang'ana kubedi, koma maso anga anali kuzenera.

Fungo ndinalimva, ndipo ndinalikana. M'chipindamo munali bedi lina la gogo wachizungu wosalankhula, ndiye ndinkati likuchokera kumeneko. Mkamwini angaganize bwanji kuti apongozi ake akununkha? Ngakhale mumtima mwenimweni, mawu amenewo ndinkawathawa.

Loweruka lina amayi a kumpingo anabwera kudzapepesa. Apongozi anawalandira atafunda chitenje mpaka m'khosi, nawauza kuti akhale chakutali chifukwa ali ndi chimfine. Amayiwo anaimba, anapemphera, n'kutsanzika. Ndikuwaperekeza kuchikepe, mmodzi wachikulire, wa ku Chipata, anandikokera pambali.

"Atate, m'chipinda muja muli fungo. Ndipo si la thewera."

"Mwina ndi la gogo winayo," ndinatero.

"Iyayi. Ndasamalapo odwala ine. Ndawapempha kuti ndiwasambike, akana, ati mpaka abwere mwana wawo. Kambani nawo manesi lero, osati next week."

Ndinabwerera kukafunsa. Nesi wa tsikulo anali wachilendo, monga zinkakhalira kawirikawiri, nkhope zinkasintha ngati zovala. Anandiuza akuyang'ana pakompyuta kuti pamsana pafiira pang'ono, akupaka mafuta, palibe choopsa. Ndinafunsa ngati akuwatembenuza. Anati mayiwo amakana, ndipo banja linapempha kuti asavutitsidwe. Banja lake ndinali ine. Ndinayamba kufotokoza kuti sindinatanthauze choncho, koma belu linalira kwina, iye n'kuthamanga.

Mawa lake m'mawa ndinaimbira mkazi wanga. Kumudzi foni imagwira ukakwera pachulu, ndiye mawu ankaduka-duka.

"Akuwa-turn-a?" anafunsa.

"Akuti amakana."

"Amayi sangakane ku-turn-idwa, amakana kupempha. Abambo, zidendene mwaziona? Pamsana mwapaona?"

"Ine?"

"Nanga ndani? Ana ali kutali, ine ndili kuno, achimwene ali m'manda. Ndikanatha ndikanabuka flight lero lomwe. Pitani mukavundukule bulangete."

"Mayi, mukudziwa zimene mukunena?"

"Ndikudziwa. Please, abambo."

Foni inaduka. Ndinakhala pamphepete mwa bedi nditagwira njakata. Amene sanakulire kwathu angaseke, angati nanga kuona msana wa munthu wodwala n'chiyani. Koma ine, zaka zonsezo, sindinaonepo ngakhale mutu wa apongozi wopanda duku. Ndinkaona ngati akundituma kukawavula pamsika. Ndipo sindinkaopa za ine ndekha. Mayi uja anali atataya dzanja, mwendo, nyumba yake ndi mwana wake. Chomwe anatsala nacho chinali ulemu wake, ndipo wokaulanda ndinali ine.

Kutchalitchi sindinapite. Ndinafika kuhomu masana, dzuwa likuwala pasinowo, okalamba ena akuonera wailesi ya kanema. Nditalowa m'chipinda sindinapite kumpando wanga. Ndinagwada pansi pafupi ndi katani. Bedi linkanjenjemera, ndipo ndinamva mano akugundana.

"Amayi, mwana wanu wandituma."

Ndinapitiriza.

"Akuti ndione pamsana panu."

"Apongozi apite kunyumba," anatero. "Ndili bwino."

"Simuli bwino. Mukunjenjemera."

"Ndi kuzizira kwa kuno."

Ine ndine wamtima wapachala, kuntchito amandidziwa. Koma kwa iwo ndinali ndisanakwezepo mawu, ndipo tsiku limenelo ndinakweza. Ndinati, "Amayi, mwana wanu waika mchimwene wake mwezi womwe uno. Mukufuna akatsike ndege adzaikenso mayi ake? Akadzandifunsa kuti munali kuti, ndidzati ndinali pampando ndikuyang'ana zenera? Ndikhululukireni, koma pano sindichoka."

Nditamaliza ndinachita mantha ndi mawu anga omwe. Kenako ndinamva nsalu ikukokedwa pang'onopang'ono. Anatenga chitenje ndi dzanja lamoyo lija, n'kudziphimba kumutu konse mpaka kumaso.

"Ine sindikuona," anatero m'chitenjemo. "Onani."

Ndinatsegula katani. Anali atachepa kwambiri, mapewa ngati a mwana wasukulu. Ndinaika dzanja limodzi paphewa, lina m'chiuno, n'kuwapendeketsa. Thupi linali moto. Sanalire, anangokoka mpweya m'mano.

Nsalu ya pabedi inali yonyowa mpaka kumatiresi. M'munsi mwa msana munali bandeji yachikasu, yolendewera, yomatirira pakona imodzi yokha. Choncho anthu ankadziwa. Wina anachiona chilondacho, n'kuchiphimba, n'kuchisiya. Nditaichotsa bandejiyo ndinaona dzenje lalikulu ngati pakamwa pa kapu, m'mbali mwake mwakuda, m'kati mukutuluka mafinya. Chidendene cha mwendo wakufa chinali chakuda ngati khala. Kumeneku ndiko kufiira pang'ono kumene ankapaka mafuta. Ndinawatsamiritsa pilo kuti asagonerenso chilondacho, n'kuwafunditsa bwino. Misozi inkandigwera pamanja, ndipo ndinathokoza kuti anali ataphimba kumaso.

"Mwaona?" anafunsa.

"Ndaona, amayi."

"N'chachikulu?"

"N'chachikulu. Koma tichiza."

Ndinatuluka m'chipindamo ndili munthu wina. Patebulo la manesi ndinalankhula Chingerezi chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho, ndipo chikandithera ndinkapitiriza m'Chichewa. Nesi anati ndidekhe, dokotala amabwera Lachinayi, adzachiona. Ndinamufunsa ngati mayi ake omubala angawadikiritse Lachinayi. Anati ndikapitiriza kukuwa aitana alonda. Ndinati aitane, nawonso akaone. Kenako ndinatulutsa foni yanga n'kuitana ambulansi ndekha, nditaima pamaso pake.

Tikudikira, anatulukira mayi wina wosamalira odwala, wakuda ngati ife koma wa dziko lina, atanyamula matewera m'manja monse. Ataona kuti ndaima pachitseko cha apongozi anayamba kulira. Anati iye ananena, ananenanso, koma anamuuza kuti nesi wa zilonda adzabwera, ndipo sanabwere. Anati masiku ambiri amakhala yekha ndi zipinda zonse za mbali imeneyo, ndipo kutembenuza munthu kumafuna anthu awiri. Ndinamuyang'ana mapazi otupa m'nsapato za pulasitiki, mkwiyo wanga n'kusowa pogwera. Oyenera kuukalipira sankaoneka, anali m'maofesi kwinakwake kumene fungo silifika.

Kuchipatala dokotala anati matenda alowa kale m'magazi, ndipo tikanadikira Lachinayi lija tikanakamba zina. Anachotsa mnofu wonse wakufa, dzenje lija n'kukula kuposa poyamba, kenako analumikiza kamakina koyamwa mafinya kokhala ndi kapaipi. Nesi wa zilonda, mayi wamfupi wosaseka, anandifunsa kuti ndine ndani wawo. Nditati mkamwini, anangoti chabwino, sambani m'manja, bwerani kuno. Kwa iye zinali zopanda kanthu. Anandiphunzitsa kutembenuza munthu osamukoka, kuika mapilo pakati pa mawondo, kupachika zidendene kuti zisakhudze matiresi, kupukuta khungu mosatikita. Anati chilonda chotere chimayamba ndi kugonera malo amodzi basi, ndipo chimapola kuchokera m'kati, mwapang'onopang'ono, ngati munthu sakuchigoneranso.

Ndinatenga tchuthi kuntchito. Ndinasanduka gadiyani, ine mwamuna wa imvi, woti pakhomo panga sindinasinthepo mwana thewera. Manesi a kuchipatala ankagwira ntchito yawo bwino, koma ine ndinali nditasiya kukhulupirira pansi ponyezimira. Nthawi yowatembenuza ikakwana ndinkaimirira ndekha. Ndinkati, "Odi, amayi," iwo n'kukoka chitenje kumaso, ine n'kuyamba.

Tsiku lachiwiri anati, "Manja a apongozi ngozizira ngati chule."

Kuyambira pamenepo ndinkayamba ndawaviika m'madzi ofunda.

Chodabwitsa n'chakuti m'chitenjemo ankalankhula. Nkhope ikaphimbika, pakamwa pankatseguka. Tinacheza masiku amenewo kuposa zaka zonse zimene tinakhala nyumba imodzi. Anandiuza za malemu mwana wawo, kuti anabadwa nthawi yokolola, iwo atangochokera kumunda, ndipo ali wakhanda ankakana kugona mpaka amuike chala m'kamwa. Anandiuza kuti ali mnyamata anagulitsa nkhuku ya agogo ake kuti agule mpira, ndipo iwo anamubisa munkhokwe kuti asakwapulidwe. Ankaseka, kenako chitenje chinkanyowa. Ine ndinkangopitiriza kudzoza vaselini m'miyendo.

Anandiuzanso za ine. "Mutabwera kudzafunsira mbeta, ine ndinakana," anatero.

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ndinakusuzumirani pazenera. Ndinati miyendo yake ngati ya chiwala, nanga adzalima? Ndipo anthu anati ndinu wolusa."

"Nanga pano?"

"Miyendo idakali yomweyo. Kulusako ndiye kwandipulumutsa."

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinkandisowetsa tulo. Ndinati, "Amayi, munkamva kuwawa. Bwanji simunanene?"

Anayankha m'chitenjemo kuti, "Atsikana aja ankathamanga ngati akuthamangitsidwa. Ndiwaimitse ine nkhalamba yoti sindidziwa chilankhulo chawo? Amayi a kumpingo akanakafalitsa kuti mwana wanga wanditaya. Ndiye munatsala inu. Ndinati ndikanena, adzaona ndani? Apongozi. Ndinati bola kufa."

"Manyazi anapha lambe, amayi."

"Lambeyo anafa ndi ulemu wake," anatero. Kenako anawonjezera motsitsa kuti, "Koma kufa kumawawa, bambo. Munachita bwino."

Aka kanali koyamba kundiitana choncho. Ndinatuluka ngati ndikukataya madzi, n'kukaima m'bafa kwa kanthawi.

Mayi a kunyumba anafika kuchipatala molunjika kuchokera kubwalo la ndege, chikwama chili m'manja, fumbi la kumudzi lili kunsapato. Anatipeza ine nditawerama ndi pilo m'dzanja, amayi awo ali chammbali, chitenje kumaso. Ataona kamakina kaja ndi kukula kwa bandeji, anatsamira chitseko n'kuyamba kulira, akuti ndinakusiyani, ndinakusiyani. Mawu anatuluka m'chitenjemo.

"Iwe, maliro wawasiya kumudzi. Gwira mwendowu, apongozi atopa."

Anagwira mwendo. Tinawatembenuza awiri, ndipo ndinazindikira kuti ndi awiri ntchitoyi ndi yopepuka kwambiri.

Kuhomu kuja sanabwererenso. Tinakadandaula kwa oyang'anira nyumba zotere, anabwera kudzafufuza, ndipo a kuhomuko anatipepesa ndi mawu osalala, ambiri, osatchula chilonda n'kamodzi komwe. Ankati panali kusamvana pankhani ya chikhalidwe. Ndinawayankha kuti palibe chikhalidwe padziko lapansi chimene chimati munthu agonere mkodzo wake. Mkazi wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma ndinali nditanena kale.

Tinawapezera malo kwina, kufupi ndi kwathu. Uko kunali bwinoko, komabe tinagawana ntchito. Mayi a kunyumba ankapita madzulo, ine ndinasintha shifiti kuti ndizidzera m'mawa. Sinowo anasungunuka, mitengo inaphuka, kunatentha, masamba anayamba kufiira, chilonda chija chikucheperachepera. Nthawi zina chinkaima, nthawi zina chinkabwerera m'mbuyo, ine n'kulephera kudya. Ndinkachidziwa kuposa nkhope ya mwini wake. Ndikachiona m'mawa ndinkawauza kuti lero chatsala ngati chivindikiro cha botolo, lero ngati nyemba. Iwo ankati ndikunama kuti adye phala. Anayamba kudya ndithu, anayambanso kukhala panjinga yawo ya odwala, ndipo duku ankamanga ndi dzanja limodzi, mothandizidwa ndi mano.

M'mawa uliwonse umenewo ndinkauyembekezera. Mayi anga ondibala anamwalira ndili kusekondale, ndipo sindinkadziwa kuti munthu wamkulu ngati ine angamasowebe mayi womunyoza miyendo. Ndinkatsika basi ndikukonzeratu nkhani zoti ndiwauze. Ankafuna kumva za kuntchito, za mnzanga amene anagwetsa mulu wonse wa makatoni a sopo, za mtsikana amene mwana wathu wamkulu ankamubisa. Ankaweruza milandu yonseyo m'chitenjemo, ndipo sankalakwitsa kawirikawiri.

Lachisanu lina nesi wa zilonda anachotsa bandeji, anayang'ana, anadina m'mbali, n'kunena kuti chatsekeka. Panatsala kachipsera kotuwa, kolowa m'kati. Anati bandeji sikufunikanso, chofunika n'kusawasiya malo amodzi, ndipo popeza tsopano amakhala panjinga masana, antchito a pamenepo akwanitsa. Ndinaimbira mkazi wanga ali kuntchito, tonse tinalira pafoni ngati ana.

Mawa lake tinapita limodzi. Ndinagula malalanje panjira. Ndinadzera kubafa la alendo kukafunditsa manja monga mwa masiku onse, mayi a kunyumba n'kutsogola. Nditafika pachitseko ndinati, "Odi, amayi," phazi lili kale m'kati.

Anali panjinga yawo, atavala bulauzi ya kutchalitchi, duku latsopano. Atamva mawu anga anakhotetsa njingayo ndi dzanja limodzi mpaka anayang'ana kukhoma.

"Uwauze apongozi," anatero kwa mwana wawo, "kuti mpando wawo uli pakhomopo. Uwauzenso kuti ndachira."

Mkazi wanga anatembenuka kukamwa kuli yasa. Anafuna kulankhula, ine ndinamupukusira mutu. Ndinabweza phazi lija, n'kukhala pampando wa pakhomo, malalanje ali pamiyendo.

Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni. Munthu amene wabwerera kumanyazi ake ndiye kuti wabwerera kumoyo, ndipo ndi zimene ndinkapempherera miyezi yonseyo. Koma manja anga anali akadali ofunda, ndipo ndinali ndi nkhani yoti ndiwauze, ya mtsikana uja, kuti mwana wathu wavomera kubwera naye. Ndinaiuza mkazi wanga mokweza, iye n'kuibwereza kwa amayi ake, iwo n'kuyankha akuyang'ana kukhoma. Yankho linali labwino, lanzeru, loseketsa. Linangofika litazizira.

Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo chilonda sichinabwererenso, chifukwa mwana wawo ankavundukula bulangete tsiku lililonse asanapereke moni. Ine ndinkapita m'mawa uliwonse, n'kukhala pakhomo. Sanandiitanenso kuti bambo. Koma antchito a pamenepo anandiuza kuti ndikachedwa, ankakana kudya phala mpaka amve kuti ndafika.